Dothi la Pakhonde Pathu

Sukulu ndinalekera Sitandade 4. Ntchito yanga inali yokumba: ngalande, zimbudzi, nthawi zina manda. Bambo anga anachokera ku Nyasalande kudzagwira mu mgodi wa mtovu kuno ku Kabwe, ndipo anafera konkuno ndi chifuwa. Ine mgodi ndinaukana. Koma fumbi lake linkafika ndithu pakhomo panga, monga linkafikira pa wina aliyense.

Zaka zimenezo chipani chinali chimodzi, ndipo ufa tinkaupeza titaima pamzere. Ndiye kunabwera anthu atatu ochokera ku yunivesite. Wina anali injiniya wa za nthaka ndi madzi, munthu wamtali, wosuta fodya kwambiri. Wina anali mphunzitsi woyesa nzeru za ana asukulu. Wachitatu anali dokotala, mayi wosakonda kuseka. Ankafufuza ngati fumbi la mgodi limalowa m'magazi a ana n'kuwaononga mutu. Ankafuna munthu wowanyamulira zitsulo, wodziwa Chibemba, Chilenje ndi Chinyanja. Ananditenga ine.

Ntchito yawo inkayenda motere. Injiniya ankalowa pakhomo lililonse, n'kupala dothi ndi sipuni pamene ana amasewera, n'kuthira m'kathumba, ine n'kumanga. Sankakumba mozama. Ankati mwana sadya dothi la pansi, amadya la pamwamba limene lamata m'zala. Mphunzitsi ankapita kusukulu kukapatsa ana mayeso ake. Dokotala ndiye anali ndi vuto, chifukwa mabotolo otengera magazi anali ochepa. Choncho anagwirizana kuti mwana wopita kuchipatala kukayezedwa magazi akhale yekhayo amene dothi la pakhomo pawo lapezeka ndi mtovu wambiri. Enawo ayi.

Ndinali ndi mwana wamkazi, wachitatu kubadwa. Giredi 2 anakhalamo kawiri. Ukamutuma mchere ndi sopo, ankafika pagolosale n'kungoima, ataiwala chimene wabwerera. M'mimba munkamupota kawirikawiri. Ine ndinkati ndi ulesi. Ndinkamukwapula ndi kamtengo m'miyendo. Sindikubisa.

Sabata imene alendowo anayenera kufika mumzere wa nyumba zathu ku Kamushanga, a tcheyamani a chipani a m'dera lathu anayenda khomo ndi khomo.

"Kukubwera alendo a boma," anatero atafika kwathu. "Amene andichititse manyazi, khadi lake ndidzaliyang'ananso."

"Si a boma, a tcheyamani. Ndi a sukulu. Ndikugwira nawo ine."

"Nanga galimoto akwerayo ndi ya agogo ako? Sesani, mukwai," anamaliza ndi mawu aulemu a Chibemba.

Khadi la chipani silinali loseweretsa. Popanda ilo, mkazi wanga sakanalowa mumsika kukagulitsa masamba ake.

Komabe iye sanafunike kuopsezedwa. Kwawo ku Petauke mlendo salandiridwa pakhonde long'aluka. Amayamba azira ndi dongo latsopano, lisalale, liume, kenako mlendo afike. Masiku awiri anayenda ndi beseni pamutu kupita kudambo lina kutali, kunja kwa tawuni, kumene kuli dongo labwino. Anazira khonde lonse. Lotsala anamwaza pabwalo n'kulitsendera ndi thabwa.

Ine ndinaona zonsezi. Ndinali nditamanga timatumba ta injiniya masabata atatu, ndipo ndinkadziwa bwino kuti amapala pamwamba pokha. Koma ndinkafuna abwana anga aone kuti wokumba zimbudzi naye ali ndi pakhomo pooneka. Ndinangoti, "Amake mwana, mwagwira ntchito."

Injiniya anabwera, ananjuta pakhonde, anapala. Anapalanso pabwalo.

"Pakhomo panu m'paukhondo, bambo," anatero.

Mkazi wanga anagwada n'kuomba m'manja. Kathumbako ndinamanga ndine. Nambala imene analembapo ndinaisunga m'mutu.

Panapita mwezi ndi masiku, zotsatira zinabwera. Ndinazimvera m'galimoto, masana, titaima pansi pa mtengo pafupi ndi sukulu. Ine ndinali kumbuyo ndi zitsulo. Ankalankhula Chingerezi, koma munthu amene watumidwa moyo wake wonse amachimva. Pamapepala awo panalibe maina, manambala okha. Mphunzitsi anatchula nambala ya nyumba yathu.

"Mwana wa apa walephera pafupifupi zonse," anatero. "Ndikamuuza mawu asanu kuti abwereze, amagwira awiri. Koma dothi la kwawo n'loyera."

"Ndiye si wanga ameneyo," anatero dokotala. "Mabotolo atsala ochepa."

"Alipo ana obadwa choncho," anatero mphunzitsi. "Atithandiza poyerekezera ndi enawo."

Injiniya anali atatambasula mapu pamaondo. "Nyumba ya mbali iyi n'njoipa," anatero. "Ya mbali inayo n'njoipanso. Iyi yokha pakati. Fumbi lidayamba liti kulumpha mpanda?"

Onse atatu sanadziwe kuti akunena mwana wa munthu amene wakhala kumbuyo kwawo.

Ndinakhala chete masiku atatu. Ndinkadziwa kuti ndikanena, adzafunsa za makomo ena, pakuti amayi ena atatu mumzere wathu anaziranso. Ntchito idzabwerezedwa, a tcheyamani adzatchulidwa, ndipo ine ndidzaoneka wabodza pamaso pa anthu amene ankandikhulupirira ndi timatumba tawo. Ndikapanda kunena, mwana wanga sapita kuchipatala.

Lamlungu masana mwanayo anakana kudya. Anagwira pamimba n'kukagona pakhonde, tsaya lili pa dothi. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinatenga khasu n'kutema khondelo pakona. Dongo latsopano linali lochindikala ngati chala chimodzi. Pansi pake panali lakale, lotuwa ngati phulusa.

Mkazi wanga anatuluka m'nyumba.

"Mwapenga kodi, atate ake mwana? Masiku awiri ndinasenza dothi limenelo. Khosi likundiwawa mpaka lero."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukundiswera chifukwa chiyani?"

"Tinawapatsa dothi la kudambo. Ndiye akuti mwana wathu alibe matenda, n'ngopusa chabe. Magazi samutenga."

Anakhala pansi, pamphepete pa khonde lomwelo.

"Inu mumayenda nawo tsiku ndi tsiku," anatero. "Bwanji simunandiletse?"



Lolemba m'mawa ndinatenga dothi lakalelo m'chitini, n'kukaliika patsogolo pa galimoto, pamene injiniya ankasutira fodya.

"Ili ndiye dothi la pakhomo panga, bwana. Lija munatenga linali la alendo."

"La alendo?"

Ndinamufotokozera za kuzira, za dambo, za nambala. Anazima fodya wake.

"Makomo angati?"

"Lathu ndi ena atatu."

"Nanga bwanji simunanene tsiku lomwelo?"

"Munati m'paukhondo."

Anapukusa mutu. Sanandikalipire, sanandichotsenso ntchito. Tinabwereza mzere wonse. Kuyambira tsiku limenelo, khomo lililonse tikafika ndinkayamba ndafunsa mayi wa panyumba kuti, "Mwazira liti?" Funso limeneli papepala la ku yunivesite panalibe. Injiniya analilemba ndi pensulo m'mphepete.

A tcheyamani anamva. Chaka chathunthu sanandipatse moni. Khadi lathu linachedwa kudindidwa, ndipo miyezi ingapo mkazi wanga ankagulitsira masamba pampanda.

Zotsatira za dothi lopalidwa kachiwirilo zikanatenga mwezi wina, mabotolo n'kutha. Dokotala anandiitana.

"Bwerani naye mawa mwanayo," anatero. "Sindidikira dothi."

Tinakhala pabenchi ya kuchipatala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Pomubaya sanalire. Ankangoyang'ana botolo likudzaza. Magaziwo anapezeka ndi mtovu wambiri. Anamugoneka masiku angapo, akumubaya jakisoni wowawa, amake akugona pansi pambali pa bedi. M'mimba munaleka kupota.

Tsiku lotuluka ndinafunsa dokotala, "Nanga mutu ubwerera?"

"Zimene zaonongeka kale sindikulonjezani," anatero. "Chimene tingathe n'kuletsa kuti zisapitirire. Azisamba m'manja asanadye. Mukapeza mkaka, muzimupatsa." Anatseka buku lake, kenako anawonjezera osandiyang'ana, "Ndipo musamamumenyenso."

Ine za kumenya sindinamuuze. Anaona yekha zipsera m'miyendo.

Anatiuzanso kuti ngati n'kotheka tisamuke. Tikanasamukira kuti? Kwathu kwa abambo anga sindinapondeko. Kwa mkazi wanga kunalibe munda wotidikira.

Tsiku lawo lomaliza, injiniya anabwera yekha pakhomo. Anayang'ana pakona paja ndinatema ndi khasu.

"Akazi anu anandisokonezera kafukufuku," anatero, "koma anachita zoyenera. Kwirirani dothi lakalelo ndi la kudambo. Osati chala chimodzi ayi, chikhatho chonse. Chaka chilichonse mvula ikatha."

Anapita. Ndinamva kuti analemba buku lalikulu. Sindinalionepo, ndipo palibe amene anabwera kudzatiwerengera. Mgodi unapitiriza kufuka utsi zaka zina zambiri. Utatsekedwa, phiri lake lakuda la zotsalira za mgodi linatsala pomwepo, mphepo ya mwezi wa Ogasiti n'kumalibweretsa m'makomo monga kale.

Mwanayo sukulu analekera Giredi 4. Sindinamukakamize. Pano ndi mayi wamkulu, amagulitsa tomato ku Nakoli, ndipo amaunjika milu yofanana bwinobwino kuti asamavutike ndi kuwerengera. Za kamtengo kaja sananditchulirepo. Sindidziwa ngati anakhululuka kapena anangoiwala, monga ankaiwalira mchere ndi sopo.

Ine ndinapeza wilibala yakale kwa mnzanga wogwira ntchito ya njanji ku Railways, gudumu lake lachitsulo. Chaka chilichonse mvula ikatha ndinkapita kudambo, maulendo atatu patsiku, sabata yathunthu, mpaka msana unadzakana. Mkazi wanga sanasenzenso dothi limenelo pamutu. Ankangoima pakhomo n'kumandilozera pamene pang'aluka.