Masamba Amene Sindichotsa Pamsewu

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale kugona kwake kunali kongotseka maso. Amayi a kutchalitchi anali atasasa mawu ndi nyimbo, ndipo kuseri kwa nyumba moto unali utayaka kale, mpunga uli m'mapoto akuluakulu.

Ndinatenga chikwanje n'kukadula nthambi za mango, n'kuziyala pamsewu wa tala monga timachitira kukagwa maliro. Ndinaziika penipeni pamene lole inagunda mchemwali wanga Esinta, akuwoloka m'mamawa kupita kumunda wa mpunga.

Esinta ndiye ankatsogolera amayi a pano pa Benga popempha mahampu ochepetsa liwiro la magalimoto ndi mizere yoyera yowolokerapo. A zamisewu anatumiza bambo wina wa kabuku m'manja. Anadzaima pansi pa mtengo dzuwa lili paliwombo, tonse tili kuminda, n'kumawerenga owoloka. Yankho linabwera loti anthu ake ndi ochepa, komanso malowo alibe ngozi yolembedwa. Mizere anakaipenta kutsogolo kwa malo ogona alendo, pamene pamawoloka mbuzi zokha.

Kunacha ndi mitambo, mwera ukuwomba. Anthu anafika kuchokera ku Chia, ena ku Ngala, mpaka mabenchi anatha. Galimoto iliyonse ikaona masamba aja inkadutsa mokwawa. Zinandiwawa koopsa kuona masamba a mango akuchita zimene mchemwali wanga anapempha mpaka kutopa.

Bambo wa kabuku uja anabweranso, atavala jekete, ati kudzapepesa. Dzanja langa sindinamupatse.

Manda athu ali tsidya la msewu. Titafika pa tala ndinauza adzukulu onyamula bokosi kuti aime, ndipo anaima. Anthu ankawoloka pang'onopang'ono, malole atandanda mbali zonse, popanda woliza hutala. Ndinamugwira bamboyo pamkono.

"Werenganitu, bwana. Lero takwana? Ngozi yolembedwa munkaifuna ija ndi iyi, ili m'bokosimu."

Anangoyang'ana nsapato zake. Ndinalakalaka kuti manyazi amenewo amudye mpaka tsiku lake lomaliza.

Madzulo anthu atabalalika, amalume anandiuza kuti ndikachotse masamba poti mwambo watha. Ndinawayankha mwaulemu kuti adzachotsa ndi amene adzabwere ndi mahampu.

M'nyumba munali zii. Khasu la Esinta linali pakhonde, matope a kumpunga atauma. Kumsewu ndinamva lole ikuponda mabuleki, dalaivala akuganiza kuti pano pali maliro. Sanalakwitse. Mawa ndikadula nthambi zatsopano.