Woimba Wapatuka Dala

Achimwene Yohane, chitisiyireni sindinaimvenso nyimbo ya rege munkaikonda ija, mpaka lero m'minibasi ya ku Area 25. Aitulutsanso pa CD, koma aisandutsa dabu: woimba amangoyamba kenako n'kuzimiririka, kutsala besi ndi ng'oma basi.

Ndakumbuka tsiku lija ku Kawale mutabwera ndi kaseti yotereyi. Mawu atasowa, Amayi anaimenya wailesi ndi chikhatho, ati yawonongeka. Inu munaseka mpaka misozi. "Sinawonongeke, Amayi. Woimba wapatuka dala kuti tiimbe ifeyo." Ndiye munaimbadi, ndi mawu anu osasa aja, mpaka Amayi anakupitikitsirani panja. Lero woimba atapatuka ndinatchera khutu kudikira inu, achimwene. Besi inangogunda yokha, ine mpaka kupitirira siteji yanga.