Jeke Yolemera ya Alamu Anga

Alamu anga a Everson Namakhwa ndi munthu wamakani. Ndikunena ine Esnat, mng'ono wa malemu akazi awo, amene ndawapirira zaka makumi atatu ndi ziwiri. Mukawauza kuti kukubwera mvula, amayang'ana kumwamba n'kunena kuti ndi utsi wa ku fakitale ya tiyi.

Anabadwira mu layini ya esiteti, nyumba zija za chipinda chimodzi zomwe kampani imapatsa antchito ake. Makolo awo anachokera ku Milanje, ku Mozambique, kudzatchola tiyi, ndipo onse awiri anafera mu layinimo. Layiniyo anaigwetsa kalekale, pamalopo anadzalapo tiyi. Ndiye mukamva wina akuti "kwawo kwa a Everson", dziwani kuti akungotafuna mawu, mudzi woterowo kulibe.

Iwonso anayamba ndi dengu kumsana, kenako anawaika m'gulu lodulira tiyi. Ntchito yodulira ndi yowerama kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa litafika paliwombo, ndipo ndi imene inawadyera msana. Anzawo akamapuma, iwo ankathamangira kumene amakaniko a esiteti ankakonzera njinga zamoto za mabwana, n'kumawapatsira masipanala popanda wowatuma. Anawathamangitsako kangapo, koma mawa lake ankapezekakonso. Luso analitola choncho, ndi makani omwewo.

Atakwatira achemwali anga a Magdalena anabwera chikamwini kwathu kuno kwa Nchilamwela. Pambali pa nyumba anaimika chisakasa cha malata anayi, pansi pa dothi, n'kuchitcha galaja. Ife tinkaseka. Koma njinga za kabaza zitachuluka, a Everson anasiya ntchito ku esiteti, ndipo pakhomopo sipankasowa njinga yodikira.

Kuti uchotse tayala lakumbuyo kapena ukonze tcheni bwinobwino, njinga iyenera kukwera m'mwamba. Iwo msana sunkalola. Ndiye ankangoitana kuti, "Magi!" Achemwali ankasiya zochapa, kupukuta manja pachitenje, kugwira keliyala n'kunyamula, alamu n'kulowetsa chitsa cha bulugama pansi pa injini. Akatero ankabwerera kuzochapa zawo akung'ung'udza kuti anakwatiwa ndi mwamuna kapena ndi njinga. Mulungu sanawapatse mwana, ndipo anakhala awiriwiri choncho mpaka achemwali atamwalira chaka chatha, mvula ili mkati.

Kwathu kuno malo ndi a akazi. Mkazi akamwalira, mwamuna timamusudzula, ndiye kuti timamuthokoza, kumumasula ukwati, iye n'kulongedza kubwerera kwawo. Achimwene athu a Elson, amene ndi mwinimbumba, anaika tsiku lake, Loweruka lomaliza la mwezi wa Juni. Ndisaname, ineyo ndinkaliwerengera tsikulo. Tiyi wa kampani wafika mpaka m'malire a nthochi zathu, malo omanga atha, ndipo mwana wanga Lisa anali pafupi kukwatiwa. Kupatula pakhomo pa a Everson, panangotsala kumtunda pa miyala, pomwe ngakhale chinangwa chimakana.

Alamu ankadziwa zonsezi, koma ankangogwira ntchito yawo. Tsiku lina anayesa kunyamula njinga okha, inawagwera n'kuwasupula mwendo kuchokera pabondo kutsika. Atamanga bandeji anati akupita ku Limbe kukagula jeke yokwezera njinga. Ine ndinali ndi nsalu zaukwati zoti ndikagule, ndiye ndinakwera kumbuyo kwa njinga yawo.

M'sitolo ya zitsulo, wogulitsa anatulutsa majeke awiri. Ina inali yaying'ono, yopukusa ndi dzanja ngati ya galimoto, yoti mutha kuiponya m'thumba la ufa n'kunyamula. Inayo inali chimphona chofiira, chopondera ndi phazi, chokhala ndi mafuta mkati, mikono iwiri yokutidwa ndi mphira ndi timatayala tachitsulo. Anachita kuikoka anthu awiri, ndipo mtengo wake unali wa timajeke tating'onoto tisanu.

Wogulitsayo sanali wadyera. "Akulu, ngati ndi galaja ya pakhomo, yaying'onoyi ikukwanirani," anatero. "Mungoyala thabwa pansi. Yaikuluyi ndi yabwino, siigwetsa njinga, koma imafuna pansi pasimenti, posalala. Padothi imatitimira."

"Tengani yaying'onoyi, alamu," ndinathira ndemanga ine wapakamwa. "Ndi yopepuka. Kulikonse mungapite mungoimangirira pakeliyala."

Mawuwo ndinawamva bwino atatuluka kale. A Everson anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kulikonse kuti, alamu?"

Anandiuza kuti ndidikire pompo, n'kutuluka. Patapita ola limodzi anabwera wapansi, akutsimphina, chisoti chili m'manja. Njinga ija anali ataigulitsa kwa munthu wa kabaza, njinga imene ndinkaganiza kuti ndiyo idzawasamutse. Analoza yofiira ija osafunsanso mtengo, anagulanso matumba atatu a simenti. Tinabwerera pa minibasi, kondakitala akutinena njira yonse kuti tikufuna kumuthyolera masipiring'i. Ine ndinali nditapsa mtima.

M'mawa mwake anayamba kukumba pansi pa chisakasa chija. Nkhani inawafika achimwene dzuwa lisanakwere, ndipo anabwera atavala jekete lawo la milandu.

"A Namakhwa, mkamwini sathira simenti pamalo a eni ake osapempha. Ndiponso kwatsala masabata awiri okha. Mukuti tiziti chiyani?"

"Simentiyo si ine ndikuifuna, alamu. Ikufuna ndi jekeyi. Kambiranani nayo."

"Musandiyankhe ngati mwana ine."

"Ndinu wamkulu, n'chifukwa chake ndakuuzani zoona," anatero, khasu osaliika pansi.

Achimwene analetsa wachibale aliyense kuwathandiza. Ndiye mchenga anatuta okha kumtsinje, theka la ndowa ulendo umodzi, dzanja lina litagwira m'chiuno. Miyala anaswa okha atakhala pansi, mwendo wabandeji atautambasula. Ine ndinkaonera pakhonde langa ndikudziuza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, asatimvetse chisoni dala. Anthu odutsa ankaseka, ena n'kumati mkamwini ndi mlamba sachedwa kuterereka, nanga uyu wakanirira bwanji. Patatha masiku asanu simenti inathiridwa, ndipo m'mawa uliwonse ankaiwaza madzi kuti isang'ambike.

Loweruka lija tinayala mikeka pabwalo, achibale anasonkhana, Lisa ndi bwenzi lake analiponso. A Everson sanabwere. Atatumidwa uthenga anayankha kuti ali ndi njinga ya munthu, mwiniwake akuifuna masana. Basi tonse tinanyamuka kuwalondola ku galaja, zinthu zomwe sizinachitikepo m'mudzi muno.

Tinawapeza atakhala pa simenti yawo yatsopano, njinga ili pa jeke, tayala lakumbuyo lili pambali. Achimwene anadziletsa mkwiyo n'kulankhula mwamwambo. Anati a Namakhwa munatisungira mlongo wathu, pa matenda ake simunathawe, tathokoza. Tsopano takumasulani. Mukafuna kukwatira kakwatireni, njira yobwerera kwanu yatseguka.

"Kuthokozako ndalandira," anatero a Everson. "Kumasulako ndalandiranso, ngakhale sindinapemphe. Koma kuchoka sindichoka."

"Mwambo sunayambe ndi inu."

"Inde. Mwambo umati mwamuna abwerere kwawo. Nditengeni mundiperekeze, mukandisiye pakati pa tiyi wa kampani, mukauze alonda kuti ndabwera kwathu."

Achimwene anauza amuna awiri achibale kuti atulutse katundu wa m'galajamo. A Everson anadzuka pang'onopang'ono, n'kuponda chopondera chija. Njinga inakwera, inakwera, mpaka kufika m'chiuno mwa munthu. Anakhoma chitsulo chake chotsekera n'kukhalanso pansi, phewa litatsamira jeke.

"Njingayi ndi ya eni ake," anatero. "Amene akudziwa kuitsitsa atsitse. Ikagwa akafotokoze yekha."

Amuna aja anazungulira jeke kawiri, kuyang'anana, n'kubwerera m'mbuyo. Wina kumbuyo anaseka, achimwene anatuluka thukuta. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Esnat, malowa ndi anu akazi, ndipo wamkulu watsala ndiwe. Nena iwe. Lisa amanga pati?"

Maso onse anali pa ine. Ndinkawafuna malowo, ndipo ndimawafunabe. Koma ndinachita manyazi, manyazi oti sindinawamvepo chibadwire. Munthu uyu miyezi inayi ankasambitsa achemwali anga, kuwatembenuza pamphasa ndi msana wake wothawo, pomwe ine mng'ono wawo ndinkangosuzumira pakhomo n'kuthamangira kumunda. Lero ndimuike pamsewu wa fumbi ndi thumba la masipanala?

"Akamanga kumtunda," ndinatero. "Alamu akhala pompano mpaka adzawanyamule anthu anayi."

"Amayi," anatero Lisa, "mwasankha mlendo, kusiya mwana wanu?"

Ndisanatsegule pakamwa, a Everson anayankha ali pansi pomwepo. "Mwanawe, mlendo ndi uja ali ndi kobwerera."

Lisa anachoka akulira, bwenzi lake pambuyo. Achimwene anavula jekete, kulikoleka paphewa, n'kunena kuti zanu akazi izi, mawa musadzandidzutse. Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Mukuganiza kuti alamu anandithokoza? Anangoti ndisunthe pang'ono, ndawatchingira kuwala.

Lero galajayo ili pompo, ndipo akabaza amachokera mpaka ku Makwasa, ena kudzangoona jeke yofiira ikukweza njinga. A Everson akadali amakani omwe aja. Sabata yathayi takangana za nkhuku zanga zomwe akuti zikuwaipitsira simenti.

Lisa anamanga pa miyala paja, tizipinda tiwiri, ndipo mvula ikagwa madzi amadutsa pakhonde. Papita miyezi isanu ndi itatu asanaponde pakhomo panga. Kutchalitchi amakhala benchi lina. Zoti ndi woyembekezera ndamva kwa anthu kuchigayo, ine mayi wake, ndipo zinandipweteka kwambiri. Achimwene akuti ndipite ndikapepese, ndibweze mawu aja, mwina mwana angandikhululukire asanachire. Kupepesa ndipita, ngakhale mawa. Koma mawuwo sindibweza.