Kabala ka Dzino pa Chibakera Changa

Chizindikiro choyamba chinali kuwotcha pa mfundo ya chala chapakati cha dzanja langa lamanja. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kabalako kanali ngati njere ya mpunga, ndipo sindinakawerengere.

Zimenezi zinachitika m'zaka za m'ma 1970, ndili mnyamata wopalasa bwato pa doko la Kachulu. Tikatsitsa matemba, ine ndi anzanga tinkapita kwa Che Amidu, bambo amene anaphunzira nkhonya ku migodi ya ku Joni. Ankatiphunzitsa kuti nkhonya imayambira kuphazi, n'kudzera m'chiuno, dzanja limangoifikitsa. Tinkamenya thumba la mchenga wosakaniza ndi mankhusu a mpunga mpaka mapewa kuchita dzanzi. Nkhonya yanga yamanja inali yolemera kuposa ya wina aliyense, choncho anandisankha kuti ndikamenye pa mpikisano ku Zomba.

Magolovesi amene tinali nawo anali akale, ong'ambika. Tsiku lina ndikuyeserera ndi mnzanga Petulo, nkhonya yanga inamupeza atayasama. Dzino lake linalowa pong'ambikapo n'kundiboola pa mfundo. Ndinakatsuka dzanja m'nyanja, n'kubwerera pa thumba.

Mmawa mwake dzanja linali litatupa, chibakera osapindika. Che Amidu atachiona anati, "Mwanawe, bala la dzino la munthu silichedwa kuwola. Pita kuchipatala lero." Ndinavomera pakamwa pokha. Ndinkaopa kuti akandimanga bandeji, mpikisano undiphonya. Mayi anga anasinja masamba n'kumata pabalapo, ine n'kumamenyabe thumba ndi dzanja lamanzere.

Sabata isanathe, kutupa kunafika pa mkono. Kukhwapa kunatuluka mwanabere. Ndinayamba kunjenjemera masana dzuwa likutentha, chakudya osalowa. Pabalapo pankatuluka mafinya onunkha moti ntchentche zinkanditsata paliponse. Chalacho chinayamba kuda.

Atsibweni anga ndi amene anandinyamula. Anapempha malo pa lole yotenga nsomba zouma kupita ku Zomba, n'kundigoneka pamwamba pa matumba. Msewu unali wa mabampu okhaokha, ndipo lole ikadumpha ndinkamva ngati dzanja likuthyoka. Panjira anyamata a chipani anatiimitsa kuti aliyense aonetse khadi la chipanicho. Langa linali litatsala kunyumba. Atsibweni anangovundukula nsalu imene inali padzanjapo. Mmodzi wa anyamatawo anatseka mphuno n'kutiuza kuti tidutse.

Kuchipatala tinakhala pamzere kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Anesi atamasula nsaluyo anandifunsa tsiku limene ndinavulala. Nditawauza, anapukusa mutu. M'wodi mabedi anali odzaza, choncho anandiyalira pansi, pakati pa mabedi awiri. Anandiika dripi, n'kuyamba kundibaya jakisoni mmawa, masana ndi madzulo. Matako anatupa moti ndinkagona chafufumimba.

Adokotala anabwera tsiku lotsatira. Anadina dzanja lonse, kenako anabaya nsonga ya chala chija ndi singano. Sindinamve kalikonse. Anati, "Chala ichi chafa, ndipo matenda alowa m'fupa. Tikachisiya mutaya mkono wonse, mwinanso moyo. Mukanabwera tsiku lomwelo tikanangotsuka bala."

Ananditengera ku thiyeta kukadula chalacho. Nditadzuka, dzanja linali litakulungidwa mpaka pa chigongono, litakolekedwa m'mwamba ndi nsalu. Ndinkamvabe chala chija chikuyabwa, koma panalibe chokanda.

Masabata otsatira anali ofanana. Kukacha anesi ankabwera ndi mbale yachitsulo kudzatsuka bala. Bandeji inkamatirira, ndipo poichotsa ndinkaluma bulangete kuti ndisakuwe. Kenako phala, jakisoni, n'kudikira. Mayi anga ankagona pakhonde ndi amayi ena odwazika matenda. Bambo wina wa ku chilumba cha Chisi amene anali pa bedi la pafupi nane, wa bala la pamwendo, anamwalira masana ena akazi awo atapita kukatunga madzi. Atamutulutsa, anesi anasintha nsalu n'kundiuza kuti ndikwere pabedipo. Umu ndi momwe ndinapezera bedi.

Petulo anabwera kudzandiona kamodzi. Anakhala m'mphepete mwa bedi, maso ali pa bandeji, mpaka nthawi yoona odwala inatha. Kuyambira pamenepo sanavalenso magolovesi.

Ananditulutsa mvula itayamba kale. Zala zotsalazo zinali zouma ngati timitengo. Anesi anandilangiza kuti ndizifinya kampira ka nsanza tsiku lililonse m'madzi ofunda. Zinatenga miyezi kuti ndigwire supuni, ndipo nkhafi ndinaigwiranso chaka chinzake. Nditayesa kumenya thumba la Che Amidu, ululu unathamanga mpaka m'phewa, ndipo ndinakhala pansi. Iwo anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Basi, mwanawe." Nkhonya zanga zinathera pomwepo.

Lero ndine wokalamba, ndipo thupi langa lili bwino. Ndimasoka maukonde, ndimalima mpunga wanga. Nyengo yozizira dzanjali limawawa, ndipo chibakera sichitsekeka mpaka pano.

Anyamata amene mukuphunzira nkhonya, mangani manja anu ndi nsalu musanamenye thumba, ndipo golovesi yong'ambika musaivale. Dzino la mnzanu likakubayani, ngakhale magazi asatuluke ambiri, tsukani ndi sopo ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti mutupe. Mpikisano umene ndinkaopa kuuphonya unachitika ine ndili m'wodi, ndipo amene anakamenya m'malo mwanga anali munthu wina.