Nthambi za pa Mphambano

Ndinaganiza zopita ku Lusaka tsiku limene tinamaliza kuthothola mtedza n'kuona kuti wonsewo sunafike ndi pakati pomwe pa nkhokwe. Bambo ake a Tadala anali atawolokera ku Mozambique chaka chathacho, ndipo kuchokera pamenepo kunali zii. Mwanayo anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Msuweni wanga anatumiza uthenga woti pafamu ina kuseri kwa Lusaka akufuna anthu olambula njira. Ine sukulu ndinalekezera giredi seveni, koma khasu ndinabadwa nalo. Ndinati ndipita.

Kunena n'kosavuta. M'mawa wa tsiku lonyamuka chikwama ndinkangochisiya, n'kumachitolanso. Tadala anali kuseri kwa nyumba, akuthamangitsa anapiye.

"Mwana satsanzikidwa," anatero amayi. "Pita akadali uko."

"Ndingomuona kamodzi, amayi."

"Wamuona zaka ziwiri. Ukayambitsa maliro pano ndikutsekera m'khola la mbuzi. Pita iwe!"

Ndinapita. Kuchoka kwathu kukafika pamsewu wa ku Vubwi pali mapiri, nkhalango ndi mphambano zitatu, ndipo pa mphambano iliyonse ndinkaima n'kutchera khutu ngati ndimva kulira. Sindinamve kanthu. Mpaka lero sindidziwa chimene chikanandipweteka kwambiri, kumva kapena kusamvako.

Ntchito ija ndinkayesa ndi yolambula msewu wa galimoto. Ayi ndithu. Famuyo inali ndi nkhalango yaikulu ya mapiri ndi miyala, ndipo mkati mwake munali tinjira tating'ono tokhotakhota, ngati ta mbuzi. Loweruka ndi Lamlungu kunkabwera anthu a ndalama, azungu ndi akuda omwe, njinga zawo zitakwera pamwamba pa galimoto. Njinga kukwera galimoto! Ankavala akabudula othina ndi zipewa zolimba ngati chigoba cha kamba, ankalipira pageti, kenako n'kulowa m'tinjira tija liwiro la mtondo wadooka.

Tsiku loyamba ndinafunsa akapitawo athu, a Tembo, munthu wa ku Sinda amene anakhalitsa m'tauni.

"Kodi anthuwa akupita kuti?"

"Sakupita kulikonse, Naphiri. Azungulira, abwerera pomwe pano."

"Nanga njinga zopanda keriyazi, katundu amaika pati?"

"Katundu wawo ndi mimbazo. Abwera kudzatula."

Ntchito yanga inali kutchetcha udzu, kuchotsa minga, ndi kumanga timapepala tofiira ta pulasitiki m'mitengo kuti okwerawo adziwe kolowera. Ndinkaopa chilichonse. Njinga zimenezo sizilira ngati zathu, zimangotulukira pakhosi pako, ndiye ine ndikangomva tsamba lagwedera ndinkadziponya muudzu, khasu uko, mpango uko. Anzanga ankaseka mpaka kugwira nthiti. Tinkagona atatu m'kachipinda kamodzi, winayo Mbemba, winayo Mtonga, anthu abwino ndithu, koma nthabwala zawo ndinkaseka mochedwa. Kutchalitchi sindinkapita chifukwa Lamlungu ndiye tsiku la ntchito yambiri. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama pafoni, n'kutsala ndi ya sopo ndi kapenta. Amayi anagula malata angapo ndi mbuzi. Ine ndinagula tinsapato tofiira, kukula kwake kongoganizira, n'kutisunga pansi pa pilo.

Kwathu foni siigwira. Lachiwiri lililonse amayi ankabereka Tadala n'kutsika mpaka ku golosale ya a Che Saidi pafupi ndi msewu, kumene ndinkawaimbira. Miyezi yoyamba mwanayo akamva mawu anga ankalira, "Amama, amama," ine n'kulira, amayi n'kutikalipira tonse awiri kuti tikutha mayunitsi. Kenako anasiya kulira. Ndinkangomva kupuma kwake. Ndiye Lachiwiri lina ndinamumva akunena poteropo, bwinobwino, mawu a munthu wamkulu: "Agogo, azakhali a mufoni akufuna inu."

Azakhali a mufoni. Ndinakhala pansi m'kanjira momwemo, njinga ikanabwera ikanangondiponda. Kuyambira tsiku limenelo mantha anga onse, a njinga, a tauni, a njoka, anasanduka amodzi: ndidzafika kwathu ndi tinsapato tanga, mwana wanga adzandipatsa moni wa alendo.

Koma ndisaname kuti kunali kulira kokhakokha. Kunalinso tsiku la chipika.

Kunali mpikisano waukulu, okwera ochuluka ngati ngumbi. A Tembo anandituma ku mphambano yakutali, kumene njira ya mpikisano imakhotera kumanzere kukwera phiri, ina n'kutsetserekera kudambo kumene ng'ombe za pafamupo zimamwera. Nditafika ndinapeza timapepala tofiira tonse ng'ombe zadya. Ndikati ndithamange kukatenga tina, nthawi palibe, ndikuwamva kale akukuwa kutsidya. Ndiye ndinachita zimene munthu aliyense wa kwathu akanachita. Kwathu ukatsogola paulendo, mnzako akubwera m'mbuyo, ukafika pa mphambano umathyola nthambi yaiwisi n'kuigoneka mopingasa panjira yolakwikayo. Watseka. Wobwerayo akaona amadziwa kuti uku ayi, ndi uko. Ndi mwana yemwe amadziwa.

Ndinathyola nthambi, koma ndinati anthu othamanga chonchi kanthambi sakaona. Ndinaguza chipika chonse, thukuta kamukamu, n'kuchipingasa panjira ya kudambo. Ndinakaima pamthunzi ndikudzitama mumtima.

Woyamba anatulukira, anaona chipika, anakuwa mokondwa ngati waona m'bale wake, ananyamula njinga n'kulumpha. Wachiwiri analumpha. Wachitatu. Onse! Njira yotsegula anaisiya ili yasa, onse kulumpha chitseko changa n'kutsetserekera kudambo. Ine pambuyo pawo liwiro, chitenje m'manja, "Kotseka uko! Abwana, kotseka!" Ndani andimve?

Anabwerako ali matope mpaka m'makutu, wina nsapato imodzi, wina akukoka njinga ngati mbuzi yokana kumsika. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za ndalama ya basi. Koma bambo wina wonenepa, matope ali chuchuchu, anandigwira chanza akuseka mpaka kutsokomola, akuti sanasangalalepo chotere. A Tembo anandikokera pambali, nkhope yolimba koma akudziletsa kuseka.

"Naphiri, wandipha. Kuno chipika si chitseko. Kuno chipika ndi ndiwo."

Chipikacho sanachichotse. Mpaka pano chilipo, ndipo ndikumva kuti njira imeneyo amaitchula kuti kwa Naphiri.

Lachiwiri lotsatira ndinawasimbira amayi. Anaseka mpaka a Che Saidi anafunsa ngati kwagwa ukwati. "Anthu ophunzira, a magalimoto, osadziwa nthambi? Kulumpha potseka?" Chapatali ndinamva kamawu kakufunsa, "Agogo, walumpha ndani?" Ndinapempha kuti amupatse foni. Mwanayo anakana. Lachiwiri linalo anakananso, ndi linalo. Ndinapirira mpaka mvula inagwa n'kutha, chifukwa amayi anali asanamalize denga. Koma nditakwanitsa chaka ndi miyezi isanu ndi itatu ndinauza a Tembo kuti ine basi.

"Ukubweranso?"

"Kaya."

"Ukabwera, chipika chako chikudikira."

M'basi sindinadye kanthu. Pa Sinda anzanga ankagula nthochi pawindo, ine ndikungobwereza mumtima zimene ndikanene. Ndikati ndine amako? Nanga akakathawa? Nanga akakagwada n'kunena kuti muli bwanji azakhali? Pa Katete ndinatsika, ndinagula shuga ndi mabanzi, n'kukwera galimoto zina ziwiri mpaka Vubwi. Pamsewu ndinapeza wakabaza, bambo wachikulire wa mudzi wina, dzina lake a Sakala. Anamanga chikwama kutsogolo, ine pakeriya.

Titayamba kutsetsereka phiri loyamba, miyala ili mbwee, mizu ili pingepinge, ndinaona kuti pachiwongolero palibe chogwira.

"Abambo, mabuleki ali kuti?"

"Ali kuphazi, mayi. Gwirani zolimba."

Anaponda tayala ndi patapata, fungo la labala kuti fuu, ife uyo, kukhota, kudumpha muzu, kupyola pakati pa mitengo iwiri. Ndinakuwa, koma pakati pa kukuwako ndinayamba kuseka. Anthu aja amalipira pageti kufuna zimenezi, ife kuno tili nazo zaulere, thumba la shuga lili pamwendo!

Pa mphambano yoyamba a Sakala anachepetsa liwiro n'kung'ung'udza. Panjira yopita kumalire panali mulu wa nthambi, zapansi zouma mpaka kuyera, zapakati zofota, yapamwamba yaiwisi, masamba ake asanagwe n'komwe.

"Taonani zimenezi. Ife a njinga tavutika nazo. Tikachotsa, sabata yamawa zabwereranso."

"Amaika ndani?"

"Kamtsikana kena ka m'mudzi wakutsogoloku, kwa a Nabanda. Lachiwiri lililonse kakamatsika ndi agogo ake. Akuti amake anapita kutali, ndiye njira zachuluka, akusochera. Ukakaletsa kamakuyang'ana ngati ndiwe mfiti."

A Nabanda ndi amayi anga.

Pa mphambano yachiwiri panali mulu wina. Pa yachitatu ndinati abambo imani, ndiyenda pansi, chifukwa maso sankaonanso ndipo ndinkaopa kugwa. Pamulu wa pamenepo, kanthambi kapamwamba kanali kakang'ono, kothyoledwa mopotokola, mmene amathyolera munthu wopanda mphamvu m'manja.

Amayi anali pabwalo akusenda chimanga. Anaimirira, anayamba kululutira, kenako anasiya n'kunena kuti ndaonda ngati bango. Kuseri kwa chitenje chawo kunasuzumira nkhope. Wamtali, tsitsi lometa, maso a bambo ake. Ndinagwada pansi, mawu onse ndinakonza m'basi aja atathawa. Tadala anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumpango, osafulumira.

"Mwaziona nthambi?"

"Ndaziona, mwanangu."

"Simunalumphe?"

"Sindinalumphe."

Anaganiza pang'ono. "Nanga munachedwa kuti?"

Amayi anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinangotambasula manja, ndipo mwanayo anabwera, pang'onopang'ono, n'kundinunkhiza m'khosi ngati kamwana ka mbuzi. Pambuyo pake amayi anandiuza kuti za foni mwanayo analibe nazo ntchito. Ankati wa mufoniyo ndi wina, amake enieni ali panjira. Tinsapato tofiira tija sitinalowe ndi chala chomwe. Timakhala pawindo, amasungiramo nthanga za maungu.

Ndinkaganiza kuti ine ndi amene ndinali pantchito yosunga njira, kutali uko, ndi khasu ndi timapepala tofiira. Sindinkadziwa kuti kwathu kuno ntchito yomweyo ikugwiridwa sabata ndi sabata, popanda malipiro, ndi munthu wa zaka zinayi zokha.

A Tembo aimba kawiri kwa a Che Saidi, akuti malo anga alipo. Ndalama ija ndimaifuna, sindibisa, nkhokwe chaka chino sinadzazenso. Koma m'mawa mwake nditafika, ndikutuluka kuti ndikasese, ndinapeza kanthambi kaiwisi katagonekedwa mopingasa pakanjira kochoka pabwalo pathu kupita kumsewu. Tadala anali atakhala pakhonde, akudya banzi, akundiyang'ana.

Kuno chipika si ndiwo. Ndinatenga tsache n'kuyamba kusesa mbali inayo.