Ngati Zinali Zoona, Anachotseranji?

Anabwera Lachinayi m'mawa, mu Febuluwale, mvula itangokata. Ndinali pamsika wa Milonde ndikugulitsa nyemba zophika za kalongonda. Anali apolisi awiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo wamkaziyo anandifunsa ngati ndine mayi uja wa pa intaneti. Nditavomera anangoti, “Tiyeni mukafotokozere kutsogolo.” Sanandimange unyolo, koma msika wonse unasiya malonda n'kumandiperekeza ndi maso. Beseni ndinasiyira mnzanga wa tomato, amene analilandira akuyang'ana kumbali.

Ndifotokoze kaye chimene chinandisandutsa mayi wa pa intaneti, ine amene foni yanga ndi ya mabatani. Amuna anga anakalambira pa esiteti ina ya tiyi, ndipo tinkakhala m'nyumba ya kampani. Atamwalira tinaika maliro, tinameta. Tsitsi lisanaphuke n'komwe, akapitawo oyang'anira nyumba anafika ndi anthu awo n'kutulutsa katundu wathu panja, mvula ikugwa. Akuti nyumbayo anali atalonjeza kale wina. Matiresi ananyowa, ufa unasanduka phala, ndipo mwana wanga wamkulu, wa Sitandade 7, anabisa mabuku ake m'diresi kuti asanyowe.

Aphunzitsi ena a ku sekondale, omwe timapemphera nawo mpingo umodzi, anali ndi bulogu, tsamba lawo la pa intaneti lomwe ankalembapo nkhani za kwathu kuno. Anajambula katunduyo ali pamatope, nandifunsa ngati ndingalole kuti dziko limve. Ndinalola, ndipo ndinanena zonse. Pakamwa panga sipadziwa buleki, choncho kumapeto ndinawatcha akapitawowo fisi.

Poyamba owerenga anandimvera chisoni. Kenako mphepo inatembenuka. Ena analemba kuti ndikufuna kutsekera anthu ntchito, ena kuti ife Anguru tizibwerera kwathu ku Milanje, kutsidya kwa malire, ngati kuti mchombo wanga suli pansi pa phiri lomweli. Alamu anga enieni, omwe amathyola tiyi pa esiteti yomweyo, analemba kuti banja lawo silikundidziwa. Zonsezi ankandiwerengera ndi anthu a mafoni aakulu, ena mwachifundo, ena kuti aone nkhope yanga.

Kupolisi anandilanda nsapato, kenako anandiuza kuti ndivule duku, poti m'chitokosi salowa ndi chilichonse chomwe munthu angadzimangirire. Ndinawauza kuti ndine namfedwa, mutu wanga ngwometa.

“Kuno kulibe namfedwa,” anatero wamkazi uja. “Kuli omangidwa.”

Ndinavula. Pa benchi panali abambo odzadandaula za njinga yobedwa, ndipo onse anapeza choonera. Za ndowa yodzithandiziramo yomwe inali pakona ya chitokosi sindinenapo zambiri. Chitseko chinali ndi kabowo, ndipo si akazi okha ankasuzumirapo.

Lachisanu anandiitanira kwa bwana wofufuza milandu. Anandionetsa chithunzi cha nkhani ija chomwe akapitawo anabwera nacho podzadandaula. Chinali chodula: kunalibe matiresi, kunalibe mvula, kunalibe maliro. Kunangotsala mizere ya kumapeto, pamene panali dzina langa ndi fisi uja. Anati ndanyoza munthu pagulu ndiponso ndafalitsa bodza. Apa ndinalimba mtima. Ndinawauza modzitama ndithu kuti atsegule bulogu ya aphunzitsi awerenge nkhani yonse, aonenso zithunzi.

Bwanayo anamwetulira, nadinadina pa foni yake, nandipatsa. Tsamba linali mbee. Chingerezi changa cha Fomu 2 chinakwana kundiuza kuti nkhaniyo palibe. Panalibenso ngakhale mzere umodzi wonena amene anaichotsa kapena chifukwa chake.

“Mwini tsamba waichotsa yekha,” anatero. “Tsono mayi, ngati zinali zoona, anachotseranji?”

Sanandimenye, sanandikalipire. Anangobwereza funso lomwelo mofatsa mpaka ndinayamba kuyang'ana zala za kumapazi ngati wakuba.

Loweruka masana aphunzitsi anabwera ndi buledi. Tinalankhulirana pawindo la zitsulo, iwo maso ali pansi, ine dzanja lili pamutu. Anati anaichotsa Lachitatu chifukwa matukwano ananyanya, ndipo ankafuna kunditeteza. Nditawapanikiza anawonjeza kuti anthu ankawaimbira foni mowaopseza, ndipo akuluakulu a kusukulu anawakumbutsa kuti ntchito ndi yosowa. Sindinawade chifukwa cha mantha, mantha tonse tili nawo. Chinandiwawa n'chakuti pojambula anandipempha, koma pochotsa sanandifunse.

“Aphunzitsi, mwachotsa mboni yanga, mwasiya mboni yawo,” ndinawauza. “Ibwezeni lero.”

Anayankha kuti aganize kaye. Munthu wophunzira akati aganize kaye, iwe yala mphasa.

Lolemba akapitawo anabwera atavala jekete. Anauza bwana uja kuti iwo ndi Mkhristu, safuna za kukhoti, akungofuna ndigwade ndinene kuti ndinanama. M'mawa womwewo mnansi amene ankandisungira ana anali atatumiza uthenga woti wamng'ono watentha thupi ndipo akukana phala. Ndinapempha kuti andipatse kaye duku langa. Anati ndikamaliza.

Ndinagwada pa simenti, mutu uli poyera, n'kunena mawu amene anandiuza: “Katundu ndinatulutsa ndekha. Akapitawo sanalakwe. Ndinanama, ndikupepesa.” Dalaivala amene anawabweretsa anali ataimika foni patsogolo panga akujambula kanema. Anandibwerezetsa, akuti poyamba mawu sanamveke bwino.

Apolisi anandipatsa duku ndi nsapato, nandiuza kuti ndine mfulu. Ndinakwera kabaza kubwerera ku Milonde, koma kanema uja anandipitirira panjira. Pofika ndinapeza msika wonse utamuonera kale.

Aphunzitsi anamaliza kuganiza sabata yotsatira. Anaibweza nkhani yonse ndi zithunzi zake, nalemba pamwamba kuti anaichotsa chifukwa cha mantha, osati chifukwa inali yabodza, ndipo anapepesa. Anachita bwino, ndipo ndinawathokoza kutchalitchi. Koma madzi akatayika sawoleka. Pansi pa nkhaniyo owerenga ankangoika kanema uja, n'kulemba kuti mwini wake anavomera yekha. Mzere umene aphunzitsi analembawo ukanakhalapo Lachisanu lija, ndikanakhala ndi choyankha.

Anthu amandifunsa ngati ndinasangalala potuluka. Mwana anachira, ndiye sindinganene kuti ndinasankha molakwa. Koma manyazi sanatsale m'chitokosi, ndinatuluka nawo. Ndimayenda kulikonse kumene ndafuna, palibe wondiletsa, koma ndikanena kuti kalongonda ndaphika lero, wogula amayamba wanunkhiza kaye. Ufulu woyenda anandibwezera pamodzi ndi nsapato. Woti ndikalankhula anthu andikhulupirire unatsala pa simenti paja.

Mwana wanga wamkulu anamuonetsa kanemayo anzake kusukulu. Sanalire. Anabwera n'kukhala pakhonde, mabuku ake aja okwinyika ndi mvula ali pamiyendo, nandifunsa kuti, “Amayi, ndiye anzanga akandifunsa ndizinena ziti?” Ndinanyamuka n'kupita kukatunga madzi mtsuko uli wodzadza.

Chifukwa cha funso limenelo, mawa lake ndinadzichepetsa n'kupita kukamupeza dalaivala uja pa siteji ya Boma. Ndinamupempha, ndikumutchula kuti mwana wanga, kuti achotse kanemayo, poti nkhani inatha. Anandiyang'ana modabwa, ngati ndamuuza kuti asunthe phiri.

“Mayi, inu simudziwa?” anatero. “Chimene chalowa pa intaneti sichichotsedwa.”