Mbaula ya a Lucious

A Lucious Kambalame ndi alamu anga, ndipo ndikuuzeni, munthu uja akaona chitsulo chili pansi mtima sukhala m'malo. Ku Ndirande ankakhoma mbaula ndi zidebe. Kuno kutsidya kwa nyanja, ku South Bend, amakankha odwala pa njinga kuchipatala, koma manja aja sanaiwale ntchito.

Basi yawo imadutsa pa fakitale ya zitsulo imene inatsekedwa kalekale. Mu 2016 eni dera anatchetchapo udzu n'kundandalika zitsulo zadzimbiri m'mbali mwa kanjira. Iwo ankati ndi chikumbutso. Alamu anati ndi dzala. Paja kwathu chotayidwa n'cha wotola. Anabwereka galimoto yanga, osanena kanthu, n'kukanyamula mphika womwe kale ankatungira chitsulo chosungunuka. Anauboola, n'kuuwotcherera miyendo itatu. Ati mbaula yokawotchera nyama pa chikondwerero cha Amalawi cha 6 Julaye ku Indianapolis.

Loweruka tikuiyesa kuseri kwa nyumba, anatulukira a Chester, mzungu wachikulire wa pamsewu wathu, amene anakalambira mu fakitale ija. Foni ili m'manja.

"Mphika uwu ndausaka sabata yonse," anatero pa Chingerezi. "Ndikuitana apolisi."

Ine thukuta kamukamu. Mapepala a alamu okhalira m'dziko muno anali asanatuluke. Mlandu wakuba, basi, ulendo wa ku Chileka, mkazi ndi ana kutsala kuno.

Alamu anavula chipewa n'kugwada, zija zakwathu. "Pepani bambo, ndimayesa munataya."

"Kutaya?" A Chester anatambasula dzanja lamanja. Linali ndi zala zitatu. "Ziwiri zinapita ndi mphika umenewu."

Mkulu uja anasuzumira mu mbaula, makala ali psuu, ndipo anakhalitsa pamenepo. Ndinawamvera chisoni, ndisaname.

"Chitsekereni fakitale sindinauonenso uli ndi moto," anatero. Foni ija inalowa m'thumba. "Lolemba ubwerere pamalo pake. Tembenuzani nyamayo, ikupserera."

Ku Indianapolis tinakawotchera pa gasi, alamu akung'ung'udza njira yonse. Mapepala anatuluka chaka chotsatira, ndipo galimoto yanga sindiwabwerekanso, ndinalumbira.

Mphika uja uli pa kanjira paja, waima pa miyendo itatu ya ku Ndirande. Alendo akafunsa za miyendoyo, a Chester amangoti unabwera choncho.